Chimbale Chokandika cha Telala Wopuma

Kumwera kwa mzinda wa Philadelphia kuli mkulu wina, telala wopuma ntchito, amene m'nyumba mwake mumalira chimbale chimodzi chokha. N'chakalekale, cha mwamuna wa mawu anthetemya akuyimba nyimbo zachikondi zopekedwa ndi munthu mmodzi. Chidakandika pakati, moti singano ikafika pamenepo imangobwereza mawu omwewo. Mkuluyu sadzuka msanga. Amati, "Chilekeni, chili pantchito."

Akazi awo ukalamba udawalanda nzeru. Amangoti duu pazenera, ndipo akaona amuna awo amafunsa kuti mlendoyu ndani.

Tsiku lina mwana wawo Concetta adagula chimbale chomwecho chosakandika. "Ababa, chakutha chija tayani, chikutiboola m'makutu."

Chatsopanocho chidayimba bwinobwino mpaka kumapeto, mayi aja osacheuka n'komwe.

Mkuluyu adabwezerapo chakale chija. Singano itakakamira, mayiwo adatembenuka ali tsinya.

"Agonthi inu! Chikwatiranireni simudaphunzirebe kukankha kasinganoko?"

"Ndikubwera, mayi," adayankha misozi ikulengeza.

Koma sadadzuke. Adachisiya chizibwerezabe, kuti akazi awo awakalipirenso.