Amalume agonja pakhonde

Mwaswera bwanji abale. Tamvani za kuno ku esiteti.

Sabata yonseyi amalume a Mulimba akhala akutiphunzitsa za nkhonya ya m'khola ija, yololeza mateche ndi kugwetsana. Amati pa ndewu ya lero, wamtali apambana basi, poti iwo ndi kapitawo, munthu wamphamvu amamudziwa pongomuyang'ana.

Masanawa taonera ndewuyo pafoni, pakhonde pawo. Wamfupi anagwetsa wamtali n'kumukulunga mkono pakhosi. Wamtali anamenyamenya pansi kusonyeza kuti wagonja, ndewu n'kuthera pomwepo.

Amalume anakalipa. "Chitsiru! Pamenepo m'posavuta kupulumuka. Mayi a Esi, tandigwirani chimodzimodzi, anthu aone."

Anti, amene athyola tiyi zaka zonsezi dengu lili kumsana, anapukuta manja pachitenje n'kuwagwira amuna awo. Amalume anatuzula maso, patapata kuulukira kumaluwa. Kenako anayamba kumenyamenya pansi.

Koma anti lamulo limenelo salidziwa, nthawi ya ndewu amachapa kuseri. Tachita kuwalanditsa anthu awiri.

Anti akuti, "Ine ndimayesa akuti ndiwonjezere."

Pano amalume akumeza madzi pang'onopang'ono, akuti anangoterereka. Ndiye abale tandiuzani, mawa kumunda kapitawo akhale ndani?