Fungo la Mango M'mikanjo ya Ababa

"Achemwali, kodi ndi zoona kuti ababa anu anawagwira ndi chamba pabwalo la ndege?"

Anandifunsa choncho mayi amene tinayandikana nyumba, tili pamjigo, iye akupopa ine nditagwirira ndowa. Sanafunse mwachipongwe ayi. Anatsitsa mawu ngati munthu amene akukuuza kuti chitenje chang'ambika kumbuyo. Apa n'kuti patangopita masiku atatu ababa atanyamuka ulendo wa ku Makka, koma nkhani inali itafika kale kwathu kwa Chikweo, itanenepa m'njira.

"Iyayi, sichinali chamba," ndinatero.

"Nanga chinali chiyani?"

Ndinasenza ndowa isanadzaze n'komwe.

Ababa ndi telala. Makina awo amakhala pakhonde, ndipo kuyambira ndili kamwana, dzuwa likapendeka ankawavundikira ndi nsalu n'kuyala mikeka pakhonde lomwelo kuti ana a m'mudzi adzaphunzire Kurani. Ena mwa ana amenewo pano ali ndi ana awo, ndipo anawonso ankabwera. Fodya ankadana naye poyera. Anyamata akamadutsa ndi ndudu ankaizimitsa ali patali. Ababa ankakonda kunena kuti pakamwa potchulira dzina la Mulungu si uvuni wowotchera njerwa.

Anthu ena akufuna kwabwino atawasankha kuti awalipirire ulendo wa ku Makka, mudzi wonse unati n'zoyenera. Amayi anatisiya kale, ndiye zochapa, kusita ndi kulongedza zinali zanga. Ndinasangalala nayo ntchitoyo. Sukulu ndinalekezera Sitandade 7, koma kulongedza ndimatha.

Amuna anga amagwira ntchito yotsuka magalimoto ku Joni. Mu Disembala wa chaka cham'mbuyo mwake anabwera kudzakhala milungu itatu. Tsiku lina ndikukutumula chikwama chawo kuti ndichichape, munagwa tinthu tinayi tonga timachubu, kutalika ngati chala, tachikasu ndi tofiira, tosalala bwino, tokhala ndi kabowo kumutu. Tinkanunkhira mango akupsa kwambiri, mango a m'sitolo osati a mumtengo.

"Kodi timeneti ndi tachiyani?" ndinawafunsa.

Anayang'ana kukhonde kumene ababa ankasoka, kenako anati, "N'tonunkhiritsa zovala. Ku Joni aliyense amaika m'chikwama. Ingobwezerani momwemo."

Sindinakayike. Amayi anandiphunzitsa kuti m'sutikesi ya zovala zabwino uziika sopo wosambira pakati, kuti chovala chisamveke nkhungu ukachitulutsa. Ndinaona kuti a ku Joni angopeza njira yabwino yochitira zomwezo, ndipo kabowoko n'kotulukira fungo. Amuna anga pobwerera anatenga chikwama china, timachubuto anatiiwala. Ndinatimanga m'kapepala ka pulasitiki kuti fungo lisathe. M'zovala zanga sindinaikemo, m'za mwana wanga sindinaikemo. Ndinkati zinthu zabwino zimadikira tsiku lake.

Tsiku lake linali ulendo wa ababa. Mikanjo yawo inayi ndinaichapa kawiri, ndinaisita ndi simbi ya makala nditayala nsalu pamwamba kuti phulusa lisagwerepo. Nsalu ziwiri zoyera zosasoka zimene amavala kumeneko anandiuza kuti zisakhudzane ndi chonunkhira chilichonse, ndiye ndinazikulunga pazokha m'majumbo awiri. Koma mkanjo uliwonse ndinaupinda ndi kachubu kamodzi m'kati. Sindinawauze. Ndinkafuna akatsegule ali kutali, akamve fungo, akadziwe kuti mwana wawo anawaganizira. Ndinatseka ndi loko, kiyi n'kumangirira pa nsonga ya chitenje changa.

Tinanyamuka itangotha swala, pemphero lathu la m'mawa, pa minibasi imene tinachita kubwereka. Oyenda anali atatu a dera lathu, enafe operekeza. Pa Liwonde tinagula nthochi, pa Balaka tinatenga mtsogoleri wa ulendo, bambo wamtali amene anali atapitako kale kawiri. Iye anatembenuka n'kufunsa oyendawo ngati m'zikwama muli mpeni, machesi, lumo kapena mabatire. Ababa anayang'ana ine. Ndinati mulibe. Lumo lawo lometera nsalu, limene ankafuna kutenga, ndinali nditalichotsa ndekha, ndipo ndinadzimva kuti ndine munthu wochenjera.

Pabwalo la ndege ku Lilongwe operekeza tinatsala panja, tikusuzumira pagalasi. Mwana anali kumsana, atagona. Tinaona zikwama zikuikidwa pa lamba n'kulowa m'kabokosi kotchinga kounikira katundu. Patapita kanthawi mtsogoleri uja anatuluka akuyenda mwachangu.

"Mwana wa atelala ndi uti? Kiyi wa sutikesi ali ndi inu?"

Ndinali nditaiwala kuwapatsa. Ndinalowa naye ndikumasula mfundo ya chitenje, ndikuganiza kuti cholakwa changa ndi kiyi basi.

Sutikesi inali pa tebulo. Kumbuyo kwake kunaima mayi wa yunifolomu, wa msinkhu ngati wanga, atavala magolovesi. Ababa anaima mbali ino, chipewa chawo choyera chili bwinobwino, ndipo kumbuyo kwawo kunali anzawo a ulendo ndi ena a maboma ena, onse ovala zoyera. Pakhomo panaima bambo wina wa kwa Ngokwe amene anawanyamulira katundu achimwene ake. Ndinatsegula loko. Mayi uja anapisa dzanja mumkanjo woyamba ngati akudziwa pamene pali chinthu, n'kutulutsa kachubu kachikasu. Kenako kachiwiri, kachitatu, kachinayi. Anatindandalika pa tebulo. Fungo la mango linamveka ponseponse.

"Bambo, izi sizipita m'chikwama cha pansi pa ndege," anatero mwaulemu. "M'katimu muli batire. Ikatentha pansipo palibe amene angaone moto. Lamulo ndi lakuti mwini wake anyamule m'thumba kapena m'kachikwama ka m'manja."

Ababa anawerama kuyang'ana. "Kodi n'chiyani chimenechi, mayi?"

Mayiyo anamwetulira pang'ono, ngati munthu amene wazolowera achikulire odziyiwalitsa. "Ndudu za batire, bambo. Fodya wa masiku ano, wosuta n'kutaya. Palibe mlandu. Ikani m'thumba mwa mkanjomo, koma m'ndege musasute, mupirire mpaka mukatsike."

Sananene mokweza, koma m'chipindamo munali chete. Wina kumbuyo anakhosomola. Ndinakumbukira amuna anga akuyang'ana kukhonde asanandiyankhe, ndinakumbukiranso mmene ankapitira kuseri kwa munda wa chinangwa akamaliza kudya, ati kukaimba foni pamene pamagwira netiweki.

"Chikwamachi mwalongedza nokha?" mayi uja anafunsa. Ndi funso limene amafunsa aliyense, ndinamva pambuyo pake. Anayang'ana ababa, n'kuyang'ananso ine ndi kiyi m'manja.

Pamenepo ndi pamene ndinayenera kuyankhula. Mawu ake anali ochepa: ndaika ndine, sindinadziwe. Ndinatsegula pakamwa. Koma kunena choncho kukanabwera ndi funso lina, lakuti nanga ndinazitenga kuti, ndipo yankho lake linali amuna anga, mkamwini amene nyumba yake yangofika m'mawindo pa malo a amayi anga, amene ababa anamulandira mokayika kuyambira pachiyambi. Mwana anatakataka kumsana. Ndinayamba kumugwedeza, maso ali pa tebulo.

"Ndalongedza ndekha," anatero ababa. "Ndi zanga. Tayani."

"Mukhoza kunyamulatu, bambo, sitikukulandani."

"Tayani, mayi."

Mayi uja anatiponya m'bini imene inali pambali pake. Ababa anapinda okha mikanjo ija, mopinda mwa atelala, anatseka sutikesi, n'kutambasula dzanja kuti ndiwapatse kiyi. Anasisita mwana kumutu. "Muyende bwino, mwananga. Mbuzi zija muzizimangirira kutali ndi thonje la eni ake." Anangonena zomwezo, n'kulowa.

Pobwerera mu minibasi anthu ankakamba za kukula kwa ndege. Bambo wa kwa Ngokwe uja anali pa foni kuyambira pa Dedza mpaka pa Balaka, akuyankhula Chiyao motsitsa, ngati kuti ine Chiyao sindimva.

Tsiku lotsatira ndinawaimbira amuna anga. Poyamba anaseka.

"Inunso, munaika m'mikanjo? Ya ababa?"

"Munati n'zonunkhiritsa zovala."

"Nanga ndikananena chiyani, iwo ali pakhonde pompo?" Kenako kuseka kunatha. "Mwauza ndani?"

"Palibe."

"Musauze munthu. Mukudziwa mmene amandionera. Zimenezi zizizira zokha, anthu amaiwala."

Ndinawamvera. Ine kudikira sikundivuta: ndinadikira mwana zaka zitatu, ndimadikira amuna anga chaka chathunthu, ndiye ndinati ndidikiranso kuti ziiwalike. N'chifukwa chake pamjigo paja ndinasenza ndowa yosadzaza. Ndinachotsa chamba chokha, fodyayo n'kumusiya pamutu pa ababa. Milungu isanu yonse imene anali kumeneko ndinkamva nkhaniyo ikuyendayenda, kuchigayo, kusikelo ya ana, ngakhale kumaliro. Anyamata a pa njinga zakabaza anayamba kumati akayatsa ndudu, "Pakamwa si uvuni," n'kuseka. Ndinkadutsa ngati sindikumva.

Ababa anabwera ataonda, mutu wometa. Anthu anabwera kudzawalonjera, anamwa m'timakapu madzi opatulika a Zamzam ochokera ku Makka, anadya zipatso za tende, anawatchula Alhaji, dzina laulemu la munthu amene wapitako. Koma tsiku limene anayalanso mikeka panabwera ana asanu ndi mmodzi, pamene kale khonde linkadzaza mpaka ena kukhala pa masitepe. Sabata yotsatira anabwera awiri. Kenako akuluakulu a kumzikiti anafika atatu, mwaulemu wonse, n'kunena kuti Alhaji atopa ndi ulendo, ndi bwino apume, anawo azikaphunzira kwa mphunzitsi wachinyamata amene wangobwera kumene. Za fodya sanatchule. Ababa anawathokoza, anawaperekeza mpaka pamsewu.

Ndinawauza ababa zoona tsiku lomwelo masana, akusoka yunifolomu ya mwana wa sukulu. Ndinagwada pambali pa makina n'kufotokoza zonse, kuyambira pa chikwama cha amuna anga. Sanasiye kupalasa mpaka msoko utatha.

"Ndinadziwa pa tebulo pomwe paja," anatero akudula ulusi. "Jekete la amuna ako ndinalisoka thumba mu Disembala. Linkanunkha mango omwewo."

"Nanga bwanji munati ndi zanu?"

"Ukanafuna ndinene chiyani, iwe uli ndi mwana kumsana, amuna makumi awiri akukuyang'ana?" Anatembenuza nsalu ija. "Chimene chinandiwawa si fodya. Ndinayamba ulendo umenewu ndi bodza pakamwa. Nditaiona koyamba Nyumba ya Mulungu ku Makka kuja, ndinali nditakonza zoti pemphero langa loyamba lidzakhale la amayi ako. M'malo mwake ndinayamba ndi kupepesa bodza langa. La amayi ako linabwera lachiwiri."

Sanandikalipire. Zikanakhala bwino akanatero.

M'mawa mwake ndinapita pamjigo nthawi imene amayi amachuluka, ndipo ndinanena zonse poyera, za sopo wa m'sutikesi, za amuna anga, za lamulo la mabatire. Ndinafotokoza kuti ngakhale mayi wa yunifolomu uja anati palibe mlandu. Anandimvetsera mpaka pamapeto. Kenako mayi uja tinayandikana nyumba anandigwira paphewa.

"Achemwali, ndinu mwana wabwino. Tonsefe tikanawaikira kumbuyo bambo athu."

"Ndikunena zoona."

"Eya. Koma nanga tsiku lija ndinakufunsani bwanji simunanene?"

Mpaka lero ndilibe yankho limene lingamveke pamjigo. Amuna anga atamva kuti ndaulula, anasiya kuimba mwezi wathunthu. Pano amaimba, amatumizanso za mwana, koma Disembala wadutsa kawiri asanabwere. Ati ntchito yachuluka. Nyumba ikadali m'mawindo, ndipo pamwamba pa njerwa pamera udzu.

Ababa amasokabe, mikanjo yawo ndimachapabe ine. Ndikamaipinda ndimaika sopo pakati, ndipo ndimayamba ndawaonetsa. Iwo amangogwedeza mutu. Dzuwa likapendeka savundikira makina, amangosoka mpaka maso atatopa.

Zimene zinatayika ndi izi: timachubu tinayi m'bini, ana a khonde lonse, Disembala awiri a amuna anga, ndi pemphero loyamba limene linali la amayi.