Nsabwe za M'zikope

Sukulu ndinaisiyira Sitandade 4, ndipo musandifunse chifukwa. Amalume anandipezera ntchito yopinda nsalu ndi kusesa m'sitolo ina pa Katete. Sikuti ndinkaikonda, koma bola iyo kusiyana ndi kulima mtedza kumudzi.

Sipanatenge nthawi, maso anayamba kuyabwa. Ndinkatikita mpaka anafiira psu. Mwini sitolo anati ogula akuopa kutenga nthenda ya maso, choncho ndikakhale kunyumba mpaka nditachira. Anawonjezanso kuti ndisachedwe, poti anyamata ofuna ntchito anali mbwee pakhonde.

Kumudzi aliyense anasanduka sing'anga. Amayi anandigoneka chagada n'kuitana alongo anga, amene anali ndi khanda, kuti andidonthezere mkaka wa m'mawere m'maso. Azakhali anati wina wandilodza chifukwa cha nsanje. Nsanje yake yolimbirana tsache? Ndinawasiya akukangana, ndinapalasa njinga ya amalume mpaka kuchipatala cha mishoni.

Wothandizira dokotala anandikhazika pawindo, n'kundisuzumira ndi galasi lokulitsa zinthu. Kenaka anayamba kuseka.

"Iwe, maso ako ali bwino kuposa anga. Koma m'zikopemu muli mudzi wathunthu, ndi ana omwe."

"Mudzi wa chiyani, bambo?"

"Wa nsabwe."

Anazizula imodziimodzi ndi kachitsulo kopanira, n'kumaziika pathonje kuti ndizione: tinthu tofiirira, tophwatalala, tokakamira patsinde penipeni pa tsitsi. Mazira ake anali atamatirira ngati ulimbo. Misozi inkangotuluka, iye akuimba mluzu. Anandipatsa mafuta achikasu opaka m'mawa ndi madzulo, ndipo anati ndikawiritse zovala ndi bulangete. Nditamuuza kuti timafunda bulangete limodzi ndi anzanga a m'mphala, anati nawonso abwere. Anzangawo anakana, ati nsabwezo n'zanga.

Mlungu usanathe kuyabwa kunaleka. Ndinachapa malaya, ndinapita kusitolo monyadira, nkhani yabwino ili pakamwa.

"Bwana, ogula asaope. Sinali nthenda ya maso ayi. Zinali nsabwe chabe."

Anandiyang'ana ine. Kenaka anayang'ana milu ya nsalu imene ndinkaipinda ndi manja omwe ndinkatikitira masowo. Anandiuza modekha kuti nditulukire kuseri, ndipo podutsa ndisakhudze kanthu.

Ndinabwerera kumudzi wapansi, maso ali mbee, ntchito palibe.