Makwerero a Fabian Bwembya

Kukangoyamba kuyera, a Fabian Bwembya ankakhala kale panjerwa pakhomo pawo, thabwa lili pamaondo, pensulo ili m'manja. Zaka zimenezo makandulo ndi parafini zinkasowa m'masitolo, choncho sankafuna kuti kuwala kwa m'mawa kuwapite pachabe. Pambali pawo akazi awo, a Philomena, ankakazinga vitumbuwa pambaula. Zitseko zathu zinkayang'anana kuno ku Chawama, ndipo ndinkawadutsa popita ku Misa.

"Bamake Elina, mukanipempherereko," ankatero osadzutsa mutu. "Iyi bola ninaiponya mumwamba dzulo, mpaka manje ikana kubwela pansi."

Mpirawo unali wa m'funso la fizikisi. Fakitale imene ankagwirako ntchito itachepetsa anthu, a Fabian anayamba kukonza mawailesi pamsika, madzulo n'kumakwera minibasi kupita ku koleji ina m'tauni kukaphunzira zamagetsi. Kumeneko aliyense ankayenera kukhoza fizikisi chaka choyamba. Iwo anali atalephera kamodzi, ndipo wolephera kawiri sankaloledwa kubwereranso.

M'nyumba mwawo munali lamulo la mapepala, poti nawonso ankasowa. A Fabian akamaliza kuwerengetsera mafunso, pepala litadzaza mbali zonse, ankalidula mzere ndi inki yofiira. Pepala lofiira linali la a Philomena. Ankaling'amba pakati n'kukulungira vitumbuwa. Tonse mumzere wa nyumba zathu tinadyapo chitumbuwa chotuluka m'funso la ngolo yotsetsereka paphiri kapena la mwala wozungulira pachingwe, ndipo palibe ankadabwa.

Mayeso atayandikira, mnzawo wa m'kalasi dzina lake Wilbroad anawabwereka mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo. Anali amtengo wake chifukwa mayankho ake analemba ndi mphunzitsi mwiniwake, njira yonse, ndi inki yofiira. Mapepalawo ankayenda m'manja mwa kalasi yonse, ndipo ena anali kudikira. A Fabian anawasiya patebulo, n'kulawirira kukaima pamzere wa ufa ndi makuponi awo.

Pobwera masana anapeza tebulo lili mbee.

"Bana Mwansa, mapepala yenze apa yali kuti?" Ankaitanizana ndi dzina la mwana wawo, monga amachitira anthu a kumpoto.

"Yofiira? Nagulitsilamo. Lelo vayenda bwino, vonse vasila."

"Mayo! Yaja ni ya ba ticha!"

"Nanga ba ticha banu balemba na inki yanga chifukwa chani?"

A Fabian sanakuwe, sanamenye chitseko. Anaika thumba la ufa pansi, n'kufunsa akazi awo kuti amene anagula ndi ndani. A Philomena anatchula onse amene anawakumbukira, misozi ili m'maso, ndipo bambowo anayamba kuyenda khomo ndi khomo, atavala malaya awo oyera a ku koleji, akusuzumira m'ngalande ndi m'maenje a zinyalala.

"Ba Fabian, khonsolo yakulembani nchito yosesa?" anawaseka a Rosemary, ogulitsa tomato pakona. "Mukasiliza uko mubwele na kuseli kwanga."

"Nibwela, mulamu. Koma muyambe mwanipatsa ija pepala mwapukutila kukamwa."

A Rosemary anaseka mpaka kugwira m'mimba, kenako anatulutsa pepalalo pansi pa tomato.

Tsiku limenelo linali Lachinayi, la mapemphero a amayi. Titamaliza korona ndinaima n'kufotokoza zimene zinagwa. Amayi ena anang'ung'udza kuti nkhani ya vitumbuwa si yobweretsa kutchalitchi. Komabe kutacha mapepala anayamba kubwera. Wina analipeza m'thumba la yunifolomu ya mwana wake, wina anali atatsekera botolo la mafuta. Mayi wina wokalamba anabweretsa nyuzipepala yakale, poti kwa iye zolemba zonse n'zofanana, ndipo a Fabian anailandira ndi manja awiri.

A Philomena sanakazinge m'mawa umenewo. Anakhala pamphasa ndi singano ndi ulusi, amuna awo akuwasonyeza zidutswa zogwirizana, iwo akusoka. Mafuta anali atalowerera moti zolemba za kuseri zinkaonekera kutsogolo, ndipo kuti munthu awerenge ankayenera kuika mbale yoyera pansi pake. A Fabian anakopera zonse pamapepala abwino kuti akabweze kwa Wilbroad. Pambuyo pake anandiuza kuti kukoperako n'kumene kunawalowetsa fizikisi m'mutu, chifukwa pamene mafuta anafufuta nambala ankayenera kuipeza okha.

Chidutswa chimodzi chokha sichinabwere. Funso lake linalipo: makwerero atsamira khoma, munthu akukwera, kodi afika pati makwererowo asanaterereke? Theka limene linali ndi yankho la mphunzitsi ndilo linapita. Linali funso lomwe a Fabian ankalilakwa nthawi zonse. Wilbroad anali asanalifikepo, ndipo aphunzitsi anali pa sitalaka mpaka tsiku la mayeso. A Fabian anafika pobwereka makwerero enieni kwa mmisiri wa malata, n'kuwatsamiritsa pakhoma langa, akukwera ndi kutsika, ana akuwaombera m'manja. Papepala munthu uja ankagwabe.

Tsiku la mayeso ndinawadikira pakhomo madzulo.

"Yayenda bwanji?"

"Makwerero yanabwela, bamake Elina. Ninayapatsa chabe moni, n'napitilila."

Zotsatira zitatuluka anali atakhoza, pang'ono pokha pamwamba pa mzere, koma kukhoza ndithu. A Philomena anagawa vitumbuwa ulere mzere wonse wa nyumba zathu, atakulungira m'masamba a nthochi. Kuyambira pamenepo pepala lililonse ankayamba alionetsa amuna awo, ngakhale lofiira chotani.

Ndakhala ndikuganizira za munthu ameneyu. Ambiri m'zaka zija tinkangopempha kuti tsiku lidutse. Iye anadutsa, koma chinthu chimene sanachimvetse chinkamuwawabe ngati kamwala m'nsapato. Malemu amuna anga ankati munthu wotere Mulungu amamupatsa mtendere wochepa ndi ntchito yabwino.

Atamaliza koleji ntchito ku Lusaka kunalibe, ndipo banja lonse linasamukira ku Kitwe. Sindinawaonenso. Mpaka lero pepala lililonse lokulungira mchere kapena kapenta ndimayamba ndalitambasula ndisanakolezere moto, chifukwa cha mawu amene a Fabian anandisiyira m'mawa wa ulendo wawo, katundu ali kale pagalimoto.

"Bamake Elina, mukakaona pepala ili na makwerero na inki yofiira, musayatsile mbaula. Munisungileko. Nifuna chabe kudziwa pamene n'nali kulakwitsa."