Makina Osokera Pakhonde la Chipatala

Munali m'chaka cha 1989, nyengo yozizira ili pakati, pamene Mayi Tepi analowa ntchito m'chipinda chosokera cha chipatala chachikulu. Linali Lolemba, pa 3 Julayi. Dzinalo anawapatsa ndi anamwino, chifukwa tepi yoyezera sinkachoka m'khosi mwawo. Ena ankati ngakhale paukwati wa mwana wawo anaivula atachita kuwapempha.

Chipindacho chinali kuseri kwa kochapira. Munali zenera limodzi, makina awiri opalasa ndi mwendo, ndi shelefu yodzaza nsalu za pabedi zong'ambika. Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu anaika zigamba, kusoka mikanjo ya odwala ndi kupinda makatani. Madokotala ambiri sankadziwa n'komwe kuti kuseriko kuli munthu.

Kumayambiriro kwa 2014, bungwe lina linapereka thandizo la zaka zitatu loti amayi okhala kutali aziyezedwa khansa ya khomo la chiberekero kwawo komweko, popeza ambiri ankafika ku chipatala chachikulu matenda atakula kale. Anasankha zipatala zing'onozing'ono zinayi. Chachinayicho chinali kumene maminibasi amathera, ndipo galimoto ya anamwino inkapitako Lachinayi lililonse kuyambira pa 6 Febuluwale.

Mayi Tepi anasangalala kuposa madokotala. Mayi awo owabereka anamwalira ndi matenda omwewo pa 9 Seputembala 2003, atabwera mochedwa. Mng'ono wawo, mayi wa ana asanu, ankagulitsa nsapato pasiteji ya maminibasi pafupi ndi chipatala chachinayicho, ndipo anali asanayezedwepo. Nthawi zonse ankati mtunda ndi wautali. Tsopano mtunda unali utatha.

Pa 12 Meyi kunabwera kalata. Zipatala zitatu zinkayeza amayi ochuluka, koma chachinayi chinali chitayeza khumi ndi mmodzi basi. Chiwerengerocho chikapanda kufika zana pofika pa 31 Julayi, galimoto idzasamukira kwina. Mayi Tepi anamva nkhaniyi kwa ochapa, napita kwa mkulu wa anamwino.

"A Sisitala, ndikwere nawo Lachinayi."

"Inuyo? Kwang'ambika chiyani kumeneko?"

"Ndikaona komweko. Anthu sathawa zaulere popanda chifukwa."

Anapita pa 22 Meyi. Chipinda choyezera chinali kumapeto kwa khonde, zenera lake lopanda katani litayang'ana kusiteji. Benchi yodikirira inali pakhondepo, pansi pa chikwangwani cha zilembo zikuluzikulu, ndipo panalibe munthu. Oitanira maminibasi anali atatsamira mpanda, maso onse kubenchiko. Mayi Tepi anawoloka msewu n'kumupeza mng'ono wawo akupukuta nsapato.

"Iwe, chipatala chakutsata mpaka pakhomo. Ukudikiranso chiyani?"

"Achemwali, inu mumakhala kumene anthu sadziwana. Ndikakhale pabenchi ija ine, pofika masana siteji yonse yandigulira kale bokosi. Mayi wa mazira anakhalapo mu Malichi, mpaka lero anthu amamulambalala."

"Anamupeza nayo khansayo?"

"Alibe chilichonse. Koma kawauzeni oitanirawo."

Mayi Tepi anabwerera, nayeza zenera, nayezanso khonde kuchokera pamzati kufika pamzati. Mkulu wa anamwino anawalola kutenga nsalu za pabedi zimene zinali zoti zitayidwe, ndipo pa 29 Meyi khonde lonse linatchingidwa. Tsiku limenelo kunabwera amayi anayi. Sabata yotsatira, atatu.

"Nsalu yanuyo yabisa benchi, koma njira ili poyera," anatero mng'ono wawo. "Wolowa kuseriko aliyense akudziwa chimene akukafuna."

Mawu amenewa anawazunguza Mayi Tepi masiku angapo. Lachitatu lake anatulutsa makina awo a kunyumba, opukusa ndi dzanja, n'kuwathira mafuta.

"Thandizo ili si lokonzera mazipi," anatero mkulu wa anamwino ataona makinawo ali m'galimoto.

"Makina ndi anga, ulusi ndi wanga. Kwa inu ndikungopempha Lachinayi."

"Abwana a bungwe akandifunsa ndikati chiyani?"

"Mukati telala wanu wakalamba, akufuna mphepo."

Pa 12 Juni anakhazika makinawo patebulo kuseri kwa nsalu ija, panja n'kupachika katoni yolembedwa kuti Lachinayi pano timakonza zovala kwaulere. Amayi anayamba kuwoloka msewu poyera, wina ndi siketi yothothoka mpendero, wina ndi yunifolomu ya mwana. Oitanira anayang'ana tsiku loyamba, kenako anatopa. Mmodzi anatumiza ngakhale buluku lake.

Mayi Tepi ankalandira chovala, n'kuchitembenuza uku ndi uku mosapupuluma.

"Zipi iyi itenga nthawi, mayi. Mukhala mukuyang'ana nkhope yanga yakaleyi? Chitseko ndi icho. Namwinoyo ndi mzimayi mnzathu, ndipo zenera ndatchinga ndekha."

Sankakakamiza munthu. Ena ankatenga chovala chawo n'kumapita, sabata yotsatira n'kubwera ndi china, mwina chong'ambidwa dala. Tsiku loyambalo analowa asanu ndi anayi, lotsatira khumi ndi anayi. Pa 17 Julayi chiwerengero chinapitirira zana, ndipo anamwino anaimba nyimbo njira yonse yobwerera. Mayi Tepi anangogwira makina awo pamiyendo. Munthu amene anamubwerera anali asanawoloke msewu.

Mng'ono wawo ankatumiza zovala kudzera mwa anzake. Pa 24 Julayi anatumiza diresi lake lobiriwira kuti alikuze, koma Mayi Tepi analibweza. Anati diresi lobwera popanda mwini wake saliyeza.

Anabwera yekha pa 31 Julayi, dzuwa litapendeka, diresi lili kukhwapa. Mayi Tepi anamuzunguliza tepi m'chiuno.

"Wakula iwe. Nsapato zikuyenda malonda eti?"

"Ndi tepi yanuyi yafupika ndi ukalamba."

"Kweza manja."

Anakweza. Analankhula motsitsa mawu, akuyang'ana kukhoma.

"Achemwali, za oitanira zija ndinkangonena. Amayi aja analowa m'chipinda chotere akuyenda okha. Atawauza, sanadzukenso."

"Amayi analowa atadwala zaka ziwiri. Iwe ukulowa ukuthamangitsa makasitomala pasiteji. Si zofanana."

"Nanga akaipeza?"

"Akaipeza lero, aipeza ili yaing'ono. Lowa. Ukamva makina akulira, dziwa kuti ndili pompano."

Analowa. Mayi Tepi anasula msoko wa diresi lija n'kuyamba kupukusa. Atamaliza mbali zonse ziwiri chitseko chinali chikadali chotseka, choncho anatenga kansalu kotsala n'kumangokasoka mizere yopanda ntchito, kuti phokoso lisaleke. Patapita nthawi namwino anasuzumira n'kuwakodola.

Anali atapeza kachilonda kongoyamba kumene, ka mtundu umene ukasiyidwa umadzasanduka khansa. Anakawotcha ndi kamakina tsiku lomwelo, nauza mayiyo kuti adzabwerenso pakatha chaka. Anatuluka akuyenda pang'onopang'ono, natenga diresi lake, naliyang'anitsitsa.

"Mwalikuza kwambiri. Mukundiyesa thumba la makala?"

Anabwereranso pa 30 Julayi 2015, ndipo anamupeza ali bwinobwino.

Polemba pempho lachiwiri la thandizo mu 2016, mkulu wa anamwino anawonjezera mzere umene mlendo wina wa bungwe lija anauwerenga kawiri: nsalu, ulusi ndi telala pa chipatala chilichonse chakutali. Mlendoyo anapempha kukaona yekha. Anakhala pabenchi ija m'mawa wonse, akuwerenga amayi olowa, ndipo pochoka anasiya jekete lake kuti alisokere batani. Mzerewo unavomerezedwa. Mayi Tepi anaphunzitsa atelala atatu, ndipo chachikulu chimene ankawauza chinali chakuti asamafulumire kumaliza zipi.

Anapitabe Lachinayi lililonse kwa zaka zina zisanu, kupatula milungu isanu ndi umodzi ya 2019 imene bondo linawagoneka. Tsiku lopuma ntchito litafika, mng'ono wawo anatseka malonda n'kukwera minibasi kudzawathandiza kunyamula katundu. Anadandaula kuyambira kuchipinda chosokera mpaka pageti kuti munthu mmodzi sangasunge zitini za mabatani zochuluka chotero. Anatuluka limodzi, aliyense atanyamula katoni, Lachitatu pa 30 Juni 2021.