Mabandeji a azakhali Esinati

Ndikukumbukira chaka chimene azakhali Esinati anabwerera kukomboni ya pafamu yathu ku Tengwe atanyamula setifiketi ya zaumoyo. Anali atakhala miyezi ingapo ku Karoi akuphunzira kutsuka zilonda, kumanga mabandeji ndi kusakaniza madzi a shuga ndi mchere. Pepalalo analikuta ndi pulasitiki n'kulipachika m'kachipinda kamene mwini famu anawapatsa kuseri kwa shedi yosankhiramo fodya. M'menemo munkanunkhira sipiliti, ndipo ine, mwana wamkazi wa mchimwene wawo, ndinkayenda modzitukumula ngati setifiketiyo inali yanga.

Vuto linali lakuti odwala sankabwera. Anthu ankati munthu amene dzulo ankamanga naye fodya sangadzuke lero n'kukhala dokotala chifukwa cha pepala. Wodzicheka ankangothira phulusa pabala n'kubwerera kumunda. Mkazi wa mwini famu, amene tonse tinkamuti Madamu, akabwera kudzasuzumira m'bokosi la mankhwala ankapeza mabandeji ali chikhalire m'mapaketi mwake. Tsiku lina ananena poyera kuti ngati kachipatalako kalibe ntchito, azakhali abwerere kukasankha fodya. Fumbi la m'shedimo ndi lomwe linkawatsokomoletsa chaka chonse, moti madzulo amenewo ndinawapeza akulira.

Ndinawamvera chisoni, koma mwayi ndinauonanso. Mwana wa bandeji sankatumidwa kukatola mbozi m'munda wa fodya Loweruka. Ndinadzikanda pabondo ndi minga n'kupita kwa azakhali ndikutsimphina. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anamanga mwendo wonse. Kutacha anzanga anali atandanda pakhomo. Wina mutu, wina chigongono, ndipo Tobiyasi, mwana wa foromani, anapempha kuti amumange nsagwada ngati wodwala dzino, ngakhale nthawi ya chakudya ikakwana ankachira kaye. Posakhalitsa ana a m'komboni tinkaoneka ngati opulumuka pa basi yogubuduzika. Madamu anaona bokosi likuphwa ndipo anachoka atakhutira.

Ndiye linafika tsana lina lotentha, nyengo yodula nkhuni zowumitsira fodya. A Sikero, bambo wofatsa wochokera ku Tete, nkhwangwa inawatereka n'kuwatema paphazi. Anawabweretsa pa thirakitala magazi ali chuchuchu, Madamu ndi foromani akuthamanga pambuyo. Azakhali atatsegula bokosi anapezamo thonje ndi kabotolo ka sipiliti basi. Mabandeji onse anali pa ife, titaunjikana pawindo kuonerera.

"Vana imi, masulani zimenezo! Kurumidzai mhani, munthu akufa uyu!" anakuwa azakhali potifulumizitsa.

Sindinaonepo olumala akuchira msanga chotero. Otsimphina anadumpha, a mitu yopweteka anaimasula okha, ndipo panatuluka mawondo osalala, zigongono zopanda ngakhale kachipsera. Maso a Madamu ankachoka pa ife kupita pa azakhali. Foromani anayang'ana nsagwada ya mwana wake ndi diso lomwe tonse tinalimvetsa. Ndinadziwa kuti ntchito ya azakhali taiphera pomwepo.

Koma iwo sanacheuke n'komwe. Anakanikiza thonje pabala, anakweza phazilo m'mwamba, n'kukulunga mwamphamvu mabandeji athu a fumbi pamwamba pa thonjelo, uku akuwalankhula a Sikero pang'onopang'ono kuti asakomoke. Magazi analeka, ndipo akuti bambowo anafika kuchipatala ku Karoi akudandaula za jombo yawo yong'ambika.

Madzulo amenewo chikwapu chinalira nyumba ndi nyumba, ndipo palibe amene anatimanga pomwe pankawawa. Madamu anabweretsa bokosi latsopano, lokhala ndi loko. Za kushedi sanazitchulenso, ndipo akuluakulu amene ankawanyoza aja anayamba kugogoda pachitseko cha azakhali mmodzimmodzi, aliyense akunamizira kuti wangodutsa.

Lero ndimakhala ku Ruwa. Mwana wanga wamkazi ali ndi dipuloma ya unamwino, koma amagulitsa tomato pasiteji ya makombi, timabasi ting'onoting'ono tija, podikira kuitanidwa. Odwala ndi ochuluka, ophunzira ndi ochuluka, chosowa ndi womutsegulira chitseko. Ndikamuona akubwera madzulo dengu lili pamutu, ndimasirira ine wa nthawi ija, kamtsikana kopulupudza kaja, kamene kankaona munthu wake akulira n'kudziwa chochita. Ine wamkulune sindidziwa.