Nthambi ya Ng'ona

Lachitatu, sabata yachiwiri ya Juni.

Ndadzuka mkwiyo wa dzulo utatha, koma mutu ukulemera. Pepala langa la Biyolojiya likadali mu kaderno, kope langa la kusukulu, ndi mzere wofiira wa a profesora, aphunzitsi athu. Anatipatsa nyama khumi kuti tiziike m'magulu. Ine ndinazisankha monga ndimasankhira nsomba pathandala la amayi ku Chiuta: matemba uku, makumba uko, milamba payokha. Diso likaona, dzanja limaponya. Choncho ng'ona ndinaiika pamodzi ndi ng'azi ndi buluzi, nkhuku ndi kakowa kwina.

A profesora anati sanafunse za kufanana, anafunsa za chibale: ndi ziti zinatuluka mwa kholo limodzi lapafupi. Tikatsata zimenezo, ng'ona ili pafupi ndi nkhuku kuposa ng'azi. Anandipatsa mpaka Lachisanu kuti ndikonze, ndikafotokoze pamaso pa turma, kalasi yathu yonse. Ndikalephera nota yanga, malikisi anga aja, siikwana, chonsecho Biyolojiya ndiyo idzandilowetse ku unamwino.

Masana abambo anabwera kuno ku Insaca panjinga ndi dengu la matemba. Ndinawapeza kumsika n'kuwauza.

"Ng'ona ndi nkhuku?" anatero. "Ndiye amayi ako azitseka khola molimba, achibale angabwere kudzacheza."

Anaseka okha. Atamanga dengu panjinga anatembenukira kwa ine.

"Komatu ng'ona imalondera mazira ake. Ana amalira ali m'dzira momwemo, ngati anapiye, mayi n'kubwera kudzafukula. Ng'azi imaikira pachulu n'kumapita. Ndipo ng'ona ija inafera mu ukonde wa amalume ako, m'mimba mwake munali miyala."

"Ngati m'nthutumba ya nkhuku?"

"Kaya, wa kusukulu ndiwe. Ine ndinangoona miyala."

Pobwerera ndinaganiza za mnzanga amene ndimakhala naye benchi limodzi. Anthu amatiyesa mapasa, koma kwawo ndi ku Amaramba ndipo palibe chibale chilichonse. Mlongo wanga wa bere limodzi sitifanana ngakhale mphuno.

Sindinganene kuti ndamvetsa zonse. Ndikaiona ng'ona m'maganizo, ndimaonabe ng'azi yaikulu. Nsomba za amayi ndizisankhabe ndi maso, poti wogula amagula chimene akuona. Koma mawa ndijambula mtengo wa chibale papepala latsopano, ng'ona ndi nkhuku panthambi imodzi, ndipo ndikafunsa a profesora ngati mazira olira a abambo angalowe m'zimene ndikanene Lachisanu.